Opaleshoni ya ng'ala ya bambo idaima nthawi ya Covid, tiyambire pati?

Abale ndi alongo a muno mu Harare, ndithandizeni nzeru. Bambo anga, a zaka 78, ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Adalembedwa kuti akawachite opaleshoni mu Epulo 2020, koma pa 30 Malichi boma lidatseka dziko. Chipatala china chachikulu chidaimitsa maopaleshoni onse osakhala a mwadzidzidzi, manesi ambiri n'kuwapititsa kumawodi a Covid. Adatiuza kuti adzatiimbira foni. Mpaka lero zii.

Pamenepo sindidadandaule ayi, inali nthawi ija munthu ukangotsokomola anthu ankati thamangira ku Wilkins, chipatala cha matenda opatsirana, ndipo pachipata ankayamba akupima kutentha usanalowe. Koma mliri udadutsa, bambo adakali mumdima. Panopa tiyi amathira pambali pa kapu, kubafa amapita akupapasa khoma. Munthu amene ankapalasa njinga kuchoka ku Mufakose mpaka ku Mbare!

Sabata yatha ndidapita kuchipatala chachikulu chija ndi khadi lawo lakale. Akuti ndandanda ija idatha ntchito, tiyambirenso ku kiliniki ya khonsolo kukatenga kalata. Ndiye ndikufunsa: alipo amene adakonzetsa ng'ala posachedwapa? Kalatayo ikapezeka, mudadikira miyezi ingati, nanga mudalipira zingati, madola kapena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe kuno? Kodi amafunabe chikalata cha katemera?

Amalume ku Dedza akuti tingobwera nawo kuchipatala cha Nkhoma ku Malawi, kumene za maso amazidziwa. Koma basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, nkhalamba yosaona, mtima wanga ukukana. Amene mudayendapo ndi wodwala njira imeneyi, zidatheka bwanji?