Za buku lomvera lija lodumphadumpha machaputala

Mayi a ku Kawale, munafunsa chifukwa chake buku lomvera la nthano ya nthawi ya atsamunda likudumphadumpha pa sipika ya memori khadi, mwana n'kusokonezeka. Vuto lapezeka, ndi maina a mafayilo. Sipika imaika chaputala 10 patsogolo pa 2. Alembeninso 01, 02, 03, kenako muwakopere m'khadi fayilo imodziimodzi motsatana, poti masipika ena amangotsata dongosolo lomwe munakopera.

Za bandulo yotengera bukuli pa intaneti: fayilo ya mawu ya MP3 ya 64 kbps (mlingo wa kamvekedwe ka mawu) imadya pafupifupi 29 MB pa ola, ndiye buku la maola 10 ndi 290 MB.

Chovutirapo pa nkhani zakalezi n'chakuti khutu limaphonya zaka. Wowerenga akafika pa kuukira kwa Chilembwe imitsani kaye, mwanayo alembe 1915 m'kope. Wowerenga akamathamanga, mverani pa foni, liwiro mulitsitse kuchoka pa 1 lifike 0.8.