"Mutu ukakula sulewa nkhonya": kodi azakhali amatanthauza chiyani?

Mayi wa ku Dedza:
Abale ndithandizeni. Chaka chino amayi anzanga anandisankha kukhala wapampando wa bungwe la amayi pampingo pathu. Miyezi isanu yokha, tulo tatha. Ndalama zomwe tinasonkha zogulira simenti ya nyumba ya abusa zaperewera, ndipo msungichuma wake ndi mnzanga amene tinakulira limodzi. Ena akuti ndikatule nkhaniyi kwa akulu a mpingo, ena akuti tiikwirire, adzabweza pang'onopang'ono. Ndasala kudya, ndagwada mpaka maondo kuwawa, koma mtima sukukhazikika mbali imodzi. Loweruka ndinapita kumudzi kwa azakhali. Ndinawapeza akuswa mtedza pamkeka, ndipo ndinawauza kuti ndikufuna kutula pansi udindo. Osadzutsa n'komwe nkhope, anangoti, "Mutu ukakula sulewa nkhonya." Ine zinandipweteka, ndimayesa akunena kuti ndayamba kudzimva. Nditadandaula anati, "Iwe Chichewa chinakuthawa uli kusukulu," basi n'kupitiriza mtedza wawo. Kodi mwambiwu umanenanji?

Mphunzitsi Wopuma:
Amayi, munamva bwino poyamba paja. Mutu wokula ndi kudzikuza. Munthu wodzikweza aliyense amafuna kumuponyera chibakera, ndipo sichiphonya chifukwa mutuwo wachita kutupa. Azakhali anu amakuchenjezani mwachikondi.

Wa ku Ntchisi:
Ayi aphunzitsi, pamenepo ndakana. Agogo anga aamuna anali nyakwawa. Ndimakumbukira m'mawa wina mbuzi za mnyamata wamasiye zinalowa m'munda mwa eni n'kudya chimanga chitangoyamba kumasula. Mwini munda anafika pakhomo pathu tambala atangolira, akukalipira agogo ngati mbuzizo n'zawo. Agogo anakhala chete pampando wawo wa ndalema, kenako analowa m'khola n'kutulutsa nkhuku yawoyawo kupepesera. Ine ndinalira chifukwa inali nkhuku yomwe ndinkaidyetsa ndekha. Agogo aakazi anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje nati, "Leka kulira, mutu ukakula sulewa nkhonya." Kudzikuza kunali pati pamenepo? Amanena kuti wamkulu mavuto a anthu amagwera iye, alakwe asalakwe.

Nachisale:
Eeetu. Agogo anga ankauphatikiza ndi wina uja wakuti nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Ankaunena akamanga mpango kumutu kupita kukapepesa kwa anthu chifukwa cha milandu ya malume athu.

Mphunzitsi Wopuma:
Nkhani za agogo n'zabwino, koma tamverani mawuwo. Akuti "ukakula", sakuti "ukakalamba" kapena "ukalongedwa ufumu". Werengani 2 Mbiri 26. Mfumu Uziya inayamba bwino, inkafunafuna Mulungu, koma itakhala yamphamvu mtima unakwezeka, inalowa m'Kachisi kukafukiza zonunkhira, ntchito ya ansembe, ndipo khate linabuka pamphumi pake. Pamphumi, abale, pamutu penipeni! Ndaphunzitsa ana zaka zambiri ndipo ndinkawauza chomwechi.

Mkulu wa mpingo ku Joni:
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma amayiwa abwera ndi katundu wolemera, tisawasenzetse winanso. Amayi, ine ndimatsogolera kagulu ka Amalawi kuno ku Johannesburg. Munthu akamwalira, foni yoyamba imalira ndi yanga, usiku pakati, kuti tipeze ndalama zotumizira maliro kumudzi. Zikachedwa, wolakwa ndine. Zikatheka, ena amafunsabe kuti zotsala zapita kuti. Kale ndinkapemphera kuti Mulungu andichotsere nkhonyazi. Tsiku lina ndikuwerenga Eksodo 18 ndinaona Mose atakhala kuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo amene anamuuza kuti adzalema nazo si mngelo, koma mpongozi wake Yetero. Anamulangiza asankhe amuna oopa Mulungu, akulu a zikwi, a mazana, a makumi asanu ndi a makumi. Mose yemwe ankalankhula ndi Mulungu anamvera nkhalamba ya ku Midyani. Ndiye ine ndikuona kuti yankho lomwe mumalisaka posala kudya lija mwina linakupezani pamkeka paja. Nkhonya musailewe, inde, komanso musaiyimire nokha. Mutu umodzi susenza denga. Itanani amayi awiri okhwima maganizo.

Mnyamata wa kwaya:
Ine ndimayesa ndi za ndewu zenizeni, kuti ukakhala ndi chimutu chachikulu sungazinde chibakera. Kusukulu tinkagwiritsa ntchito posereula anzathu. Pepani masteni, limbani mtima, zikhala bho.

Nachisale:
Mwana wanga, "masteni" ndiye ndani? Amenewa ndi amayi, ndi mtsogoleri wa mpingo. Ana a masiku ano mwatani kodi? Bambo akuti madala, moni akuti "bho", kuyankha akuti "shapu". Tsiku lina mdzukulu wanga ndinamupempha awerenge Miyambo 3:5 m'Buku Lopatulika. Atafika pa "osachirikizika pa luntha lako" anaima n'kundifunsa kuti luntha ndi chiyani. Mwana wa Fomu 3! Baibulo limeneli linatuluka mu 1922, agogo athu omwe sanapite patali ndi sukulu ankalimva bwinobwino, lero ana a mayeso akulephera.

Wa ku Ntchisi:
Zoona amayi. Ngakhale mawu oti "kulewa" ambiri sakuwadziwanso. Komatu vuto ndi lathu makolo. Madzulo timakhala aliyense maso pa foni, nthano ndi miyambi tizinena nthawi yanji?

Mnyamata wa kwaya:
Pepani amayi, sindinafune kuchita mwano. Koma kunena zoona palibe anatikhazikapo pansi kutiuza zimenezi. Ndaphunzira lero lino.

Mphunzitsi Wopuma:
N'chifukwa chake ndikulimbikira, kuti ana ngati awa asatenge tanthauzo lopotoka. Munthu akamati "wakula mutu" kwathu amanena mwana wosamva, wamwano. Ine ndikuona kuti mwambiwu unachokera pamenepo. Mtsogoleri wodzichepetsa nkhonya zimamudutsa pamwamba.

Mkulu wa mpingo ku Joni:
Zimamudutsa pamwamba? Aphunzitsi, Numeri 12 akuti Mose anali wofatsa kuposa anthu onse a padziko, koma m'mutu womwewo mlongo wake Miriamu ndi mkulu wake Aroni akumunena. M'mutu 11 iye mwini akulirira Mulungu kuti sangathe kusenza anthu onsewa yekha. Kufatsa sikunamutchinjirize.

Mayi wa ku Dedza:
Zikomo nonse, ndawerenga ndi misozi. Dzulo madzulo ndinapita kwa mnzanga uja ndekha, monga Mateyu 18:15 anenera. Ndinamupeza akupeta mpunga. Sindinayambe ndi ndalama, ndinamupempha tipemphere kaye. Tisanafike pa ameni anayamba kulira, nati anatengako mwana atagonekedwa m'chipatala ndipo manyazi anamugwira pakamwa. Walonjeza kubweza akagulitsa soya. Tsopano ndili pamphambano ina: kodi akulu a mpingo ndiwauzebe, kapena ndidikire? Ndikawauza, mnzanga achita manyazi pamaso pa mpingo wonse. Ndikabisa, ndanamiza amayi omwe anasonkha ndalama zawo za mandasi ndi tomato. Udindo sinditula, koma ndipempherereni.

Nachisale:
Tikugwadirani amayi. Koma kubisa kokha ayi. Pitani kwa abusa muli awiri, iye akanene ndi pakamwa pake.

Wa ku Ntchisi:
Ine ndikanadikira kaye soyayo. Bwererani kwa azakhali mukawafunsenso, ameneja akudziwa zambiri kuposa zomwe ananena.

Mphunzitsi Wopuma:
Mukapitako mukawafunsenso za mwambiwu, amayi. Muwafunse mwachindunji ngati sankanena za kudzikuza, ndipo mudzatiuze zomwe ayankhe.