Mmisiri wa ku China akubwera kudzamanga makina ku Mzuzu: mapepala ake tiyambire pati?

WaChigayo_Luwinga

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Makina opunthira ndi kusankha mpunga amene tinaitanitsa ku China afika mwezi wamawa, ndipo kampani yomwe yatigulitsa ikutumiza mmisiri wake mmodzi kuti adzawamange ndi kuphunzitsa anyamata athu. Akuti akhala masabata atatu, mwina anayi. Iwo akufuna kalata yomuitanira, koma ena kuno akuti anthu a ku China safunanso viza polowa m'Malawi. Zoona ndi ziti? M'kalatamo ndilembemo chiyani, nanga adzere kuti kuti afike ku Mzuzu osavutika?

MayiWaKuKatoto

Achimwene, amene akuuzani kuti viza sifunika sakunama, koma nkhani yawo yagona. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, ndipo China inali m'gulumo. Kumapeto kwa 2025 boma linalengezanso kuti viza ibwerera kwa mayiko amene nawonso amafuna viza kwa Amalawi, ndipo Mmalawi wa pasipoti wamba salowa ku China wopanda viza. Choncho konzekerani ngati viza ikufunika. Tikiti isanagulidwe, pitani nokha ku ofesi ya Immigration ya chigawo cha kumpoto mu Mzuzu momwemuno mukamve zomwe zikugwira ntchito sabata imeneyo. Lamulo loti lasintha kawiri m'zaka ziwiri simungaliyendere ndi nkhani za m'maluwa.

Viza imapemphedwa pa intaneti, pa tsamba la boma la evisa.gov.mw, lomwe linayamba mu 2019. Samalani ndi masamba ena ofanana nalo amene amangokulemberani fomu yomweyo n'kukulipiritsani ndalama zoonjezera. Sonkhanitsani izi musanatsegule fomu: tsamba la pasipoti lomwe lili ndi nkhope ndi dzina, chithunzi chatsopano cha mlendoyo, kalata yanu yomuitanira, chitupa chanu cha unzika, satifiketi ya bizinesi yanu, umboni wa komwe adzagone ndi wa ulendo wobwerera. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo kuchokera tsiku lolowa, komanso masamba opanda chidindo osachepera awiri. Ngati yatsala pang'ono kutha, ayambe watenga yatsopano, chifukwa viza imamangika pa nambala ya pasipoti, ndipo pasipoti yatsopano imabwera ndi nambala ina.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa dzina. Anthu a ku China amayamba ndi dzina la makolo, monga Wang, Li kapena Zhang, kenako dzina lake lenileni. Wolemba fomu kuno akaona dzina loyambalo amaliika m'bokosi la dzina la munthu, mayina n'kutembenuzika. Komanso ambiri a m'makampani ogulitsa kunja ali ndi dzina lachizungu lomwe amalankhulira ndi makasitomala, ndipo m'pasipoti mulibe. Musalembe dzina lomwe mumamuitanira pafoni. Koperani chilembo ndi chilembo kuchokera m'pasipoti, ndipo muyerekeze ndi mizere iwiri ya pansi pa tsambalo, imene makina a pabwalo la ndege amawerenga. Dzina la makolo limayamba pamenepo. Tsiku lobadwa nalonso: kwawo amalemba chaka, mwezi, kenako tsiku, ndiye akakutumizirani pamanja 03 ndi 05 zimasinthana mosavuta. Viza, tikiti ndi pasipoti zikasiyana, a ndege amamubweza ku Guangzhou komweko, sadikira kuti akafike ku Lilongwe.

Chinanso chimene anthu sachiganizira. Gmail ndi WhatsApp sizigwira ku China. Kalata yovomereza viza imabwera pa imelo, ndiye ikani imelo ya kampani yawo kapena yanu, kenako mumutumizire pa WeChat, pulogalamu ya pafoni yomwe amalankhulirana kumeneko. Aisindikize papepala, makope awiri, asadalire foni. Kulipira viza kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard, pomwe ambiri kumeneko ali ndi UnionPay, Alipay ndi WeChat Pay basi. Mugwirizaniretu wolipira.

Pemphani masabata atatu tsiku la ulendo lisanafike, koma osati miyezi yambiri isanakwane, chifukwa viza yolowera kamodzi iyenera kugwiritsidwa ntchito m'miyezi itatu. Makina akachedwa pa doko, viza imathera m'manja.

BamboWaKuChibanja

Amayi afotokoza bwino za viza. Ine nkhawa yanga ili pa mawu anu aja, achimwene, oti adzamanga makina ndi kuphunzitsa anyamata. Viza imangomufikitsa munthu pakhomo. Amene amaloleza kulowa ndi wa Immigration pabwalo la ndege, ndipo chomwe amadinda m'pasipoti ndi chilolezo cha mlendo wodzacheza, kawirikawiri masiku 30. Chilolezo chimenecho sichilola kugwira ntchito. Ngakhale m'chaka chija viza inachotsedwa, chomwe chinachotsedwa chinali viza yokha, lamulo la ntchito silinakhudzidwe, ndipo ambiri anasokoneza ziwirizi.

Mlendo wodzagwira ntchito amafunika Temporary Employment Permit, imene anthu amangoti TEP. Wopempha ndi wolemba ntchito, osati mlendo, ndipo imapemphedwa munthuyo asanalowe m'dziko. Wodzatsegula bizinesi yakeyake amafunika Business Residence Permit. Mmisiri wanu ali pakati: malipiro akulandira ku China, sakudzakhazikika, koma manja ake adzakhala pa sipanala mu Luwinga tsiku ndi tsiku. Nkhani yotereyi musaigamule nokha, ndipo musalole dobadoba wa panja pa ofesi kuti akugamulireni. Tengani mgwirizano wogulira makina, tsamba lomwe likunena kuti wogulitsa adzatumiza womanga, invoisi, ndi kope la pasipoti yake, mukaonetse kwa mkulu wa ofesi ya zilolezo. Akuuzeni pepala loyenera ntchito ya masabata anayi, ndipo pemphani kuti yankho likhale lolemba. Chilichonse mwalipira, tengani lisiti la boma.

M'kalata yomuitanira lembani zoona zokhazokha. Ena amalangiza kuti mulembe zoti akudzaona nyanja ku Nkhata Bay kuti zinthu ziyende msanga. Musatero. A Immigration akadzamupeza atavala ovolosi pomwe pepala likuti ndi wodzacheza, iye amamangidwa n'kubwezedwa kwawo, inu mumatsala ndi mlandu wolembetsa ntchito munthu wopanda chilolezo, makina ali pakati osamangidwa. Kalatayo ikhale pa pepala la kampani yanu, yopita kwa mkulu wa Immigration, m'Chingerezi, ndipo inene dzina lake monga lilili m'pasipoti, nambala ya pasipoti, kampani yomwe amagwirako, ntchito yomwe akudzagwira, tsiku lolowa ndi lotuluka, komwe adzagone, ndiponso amene adzalipire chakudya, malo ogona ndi chipatala. Sainani, dindani, ikaniponso nambala ya foni yomwe idzayankhidwe pa ola lomwe ndege ikutera. Amisiri ambiri a m'mafakitale salankhula Chingerezi, ndiye wa pabwalo akafunsa mafunso n'kusowa yankho, foni imabwera kwa inu.

Akangotuluka pabwalo, tsegulani pasipoti muwerenge tsiku lomwe lalembedwa pa chidindo. Musawerengere za pa viza. Chidindo ndicho chimalamula, ndipo nthawi zina amalemba masiku ochepera 30 malinga ndi zomwe mlendo wayankha. Masabata anayi ndi masiku 28, malire ali pafupi kwambiri. Magetsi a ESCOM akavuta kapena chitsulo china chikasowa m'bokosi, masikuwo atha. Kuonjezera kumachitika ku ofesi ya Mzuzu, mpaka masiku 90 onse pamodzi, koma mupite kutatsala sabata, mwini wake alipo ndi pasipoti yake. Tsiku likadutsa, nkhani yasanduka ya chindapusa.

Mchengautuba_265

Ine ndiyankhe za njira. Palibe ndege yochoka ku China kudzatera m'Malawi osaima penapake. Yodziwika ndi ya Ethiopian Airlines, kuchokera ku Guangzhou, Shanghai kapena Beijing kudzera ku Addis Ababa, kapena ya Kenya Airways kuchokera ku Guangzhou kudzera ku Nairobi. Tikiti ithere ku Lilongwe, pa Kamuzu International Airport, osati ku Chileka. Wogula tikiti ku China sadziwa kuti Blantyre ili kutali ndi kuno, amangoona dzina la Malawi ndi mtengo wotsika. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kale m'njira ya kumpoto, ndipo kuchoka pamenepo kudzera ku Kasungu ndi Jenda ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposerapo pa M1. Ndege ikatera madzulo, agone ku Lilongwe. Chikangawa usiku ndi nkhungu yake si malo oyendetsa mlendo amene wakhala m'ndege tsiku lathunthu.

Pali msampha wa yellow fever. Ku China kulibe matendawa, koma Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko omwe matendawa amapezeka. Wongodutsa pabwalo maola ochepa safunsidwa khadi la katemera, koma akadikira kuposa maola 12, kapena akamugoneka m'hotela mumzinda chifukwa ndege yachedwa, azaumoyo a pabwalo lathu ali ndi mphamvu yofunsa khadi lachikasu lija. Katemera wake ndi jakisoni mmodzi, khadi limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 limagwira moyo wonse. Abayitsiretu kwawo, ku zipatala za apaulendo opita kunja zomwe zimapereka khadilo. Wobayitsa kutatsala masiku atatu khadi lake silinayambe kugwira.

Za malungo muwauze mosabisa. World Health Organization inalengeza mu 2021 kuti ku China malungo anatha, kutanthauza kuti thupi la mlendo wanu siliwadziwa, ndipo dokotala wa kwawo sangafulumire kuwaganizira. Mzuzu ndi wozizira, inde, koma udzudzu ulipo, ndipo ku Karonga ndi ku nyanja ndiye kwawo. Abwere ndi mankhwala oteteza, agone m'masikito, ndipo akamva kutentha thupi ayezetse tsiku lomwelo. Pobwerera mukumbutseni kuti akadwala m'masabata otsatira anene kuti anali ku Malawi.

Onaninso kalendala yawo. Sabata yoyamba ya Okutobala ndi tchuthi cha dziko lonse, ndipo pa Chaka Chatsopano chawo, chomwe chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi Febuluwale, mafakitale amatseka masabata angapo. Pepala losowa simudzalipeza nthawi imeneyo. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 6, ndiye zofunsa zonse tumizani m'mawa. Ikamakwana 12 koloko masana kuno, iwo akuweruka.

WaChigayo_Luwinga

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Funso lina: kampaniyo ikuti pakati pa ntchito yathu akufuna akaone makina ena kwa kasitomala wawo ku Kyela masiku awiri, kenako abwerere kuno. Akutinso abwera ndi zipangizo zake zoyezera. Zimenezi zili ndi vuto?

MayiWaKuKatoto

Vuto lilipo, achimwene, ndipo mwachita bwino kufunsa fomu isanalembedwe. Viza yolowera kamodzi imafa pomwe wadindidwa chidindo chotulukira pa Songwe, ngakhale atakhala kuti anangotha masiku asanu m'Malawi. Kyela ili pafupi ndi malire, koma ndi Tanzania, dziko lina. Pemphani viza yolowera kangapo kuyambira pachiyambi, ndipo ulendo wa ku Kyelawo muutchule m'kalata. Akufunikanso viza ya Tanzania payokha, yathu sigwira pa Kasumulu, chipata cha mbali yawo. Njira yosavuta ndi yoti amalize zonse kuno, atulukire pa Songwe kamodzi, n'kukakwerera ndege ku Dar es Salaam, komwe Air Tanzania imapita ku Guangzhou. Mukasankha zimenezo, tikiti ionetse choncho, chifukwa polowa adzafunsidwa umboni woti adzatuluka.

Zipangizo azinene kwa a MRA pabwalo, asadutse nazo mwakachetechete. Kampani imulembere mndandanda m'Chingerezi: dzina la chipangizo, nambala yake, mtengo wake, ndi mawu oti zidzabwerera. Zimenezi zimalembedwa ngati katundu wolowa kwa kanthawi, ndipo pepala lomwe adzapatsidwe alisunge mpaka potuluka. Zitsulo zosinthira zomwe zidzatsale pa makina anu ndi nkhani ina, zimenezo ndi katundu wogula ndipo zili ndi msonkho wake. Musazisakanize m'chikwama chimodzi popanda mapepala osiyana.

Ndalama abwere ndi madola a pepala atsopano osang'ambika, chifukwa WeChat Pay sagula nayo kanthu pa msika wa Mzuzu. Lamulo la kwawo limamulola kutuluka ndi ndalama zakunja zosapitirira madola 5,000 popanda chilolezo cha banki. Zomwe wabwera nazo azilembetse polowa ndipo asinthire ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, malisiti asunge. Galimoto musamupatse: kwawo amayenda kumanja kwa msewu, ndipo laisensi ya ku China siyitulutsa chiphaso choyendetsera m'mayiko ena. Mupezereni dalaivala. Pasipoti yeniyeni aziyenda nayo mukamapita ku Karonga, poti pa marodibuloko a njira imeneyo apolisi ndi a Immigration amafuna kuona chidindo, fotokope yokha siyikwanira.