Ndaika -std=c99 ma header onse ayamba kukana, ndithandizeni

Mnyamata_wa_ku_Dedza:
Moni akuluakulu. Kuntchito kwathu ku Braamfontein tili ndi ka library (code yomwe mapulogalamu ena amaigwiritsa ntchito) kolembedwa mu chilankhulo cha C komwe kamayendetsa timakina towerenga makhadi, kale timangokompaila ndi gcc, compiler yathu, osawonjezera kalikonse ndipo zimadutsa bwinobwino, koma kasitomala wina wanena kuti akufuna code yotsata standard ya C99 (malamulo a C a 1999) nde ndaika -std=c99 -pedantic-errors, eeh zolakwa zangogwa ngati mvula ya Januwale. Ikuti implicit declaration pa strdup, u_int8_t sikuidziwa, ngakhale clock_gettime yomwe ndikuiona ndi maso angawa mu time.h ikuti kulibe. Dzulo usiku ndinafika mpaka potsegula /usr/include/time.h kuti ndichotse ma #ifdef aja ndi manja koma mtima unakana. Kodi ma header anga (mafayilo a .h aja) ndi owonongeka kapena chani?

AchimweneAkulu_Mayfair:
Chonde mphwanga /usr/include musaikhudze, mukangosintha pamenepo code izigwira pa kompyuta yanu yokha, kwa kasitomala ikafera pakhomo. Ma header anu alibe vuto. Mukaika -std=c99 gcc imaika __STRICT_ANSI__, nde features.h ya glibc (library ya C ya pa Linux yanu) ikaona chimenecho imabisa zonse zomwe sizili mu ISO C, ndipo strdup ndi clock_gettime ndi za POSIX (standard ya ma system a mtundu wa Unix), mu C99 mulibe. Muziipempha nokha, lembani #define _POSIX_C_SOURCE 200809L pamwamba penipeni pa fayilo ya .c, #include iliyonse isanabwere. Ambiri amagwa apa, amaika mzerewo pansi pa stdio.h kenako nkumadabwa, pomwe features.h inawerengedwa kale pa include yoyambayo ndipo siibwereza. Ine ndimangoika -D_POSIX_C_SOURCE=200809L mu Makefile, fayilo ya malangizo okompailira, kuti wina asaiwale.

NaPhiri_Dev:
Zoona zimene anena achimwenewa. Koma u_int8_t isiyeni basi, ndi dzina lochokera ku BSD (mtundu wina wa Unix), ikani stdint.h mugwiritse uint8_t yomwe ili mu C99 momwemo. Ndipo mu header yanu yomwe anthu ena aziika include musalembemo _POSIX_C_SOURCE, si udindo wa library kusankhira mwini pulogalamu. Ngati muli typeof kapena asm musinthe zikhale __typeof__ ndi __asm__.

Za strdup zija musazitenge mopepuka ayi. Ine zinandidyera sabata yathunthu ndikugwira ntchito ku Midrand, pulogalamu imangofa ndi segfault (kukhudza memory yosaloledwa) mosadziwika bwino, kuyang'ana mu gdb, chida chofufuzira zolakwa, pointer yomwe strdup imabweza yadulidwa theka. Function ikakhala yosalengezedwa compiler imaganiza kuti ikubweza int, ma bit 32, pomwe pointer pa makina athuwa ndi 64. Nthawi imeneyo inali warning chabe ndipo tonse timangoidumpha. Ndinasangalala kwambiri GCC 14 itatuluka mu 2024 nkuisandutsa error.

Che_Jafali:
Wina akuuzani kuti ingoikani -std=gnu99 (C99 yokhala ndi zowonjezera za GNU) zithe, zitheradi koma si zimene kasitomala wapempha. Mukamaliza yesaninso pa Alpine Linux mu Docker, kumeneko library ya C ndi musl osati glibc, ngati penapake munaika sys/cdefs.h mudziwa pompo chifukwa musl ilibe fayilo imeneyo.

Mnyamata_wa_ku_Dedza:
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndaika mu Makefile muja ndipo u_int8_t yonse ndasintha, zatsala ziwiri zokha zonse za usleep. Ndaikamo unistd.h koma ikukanabe, apa nde mutu waima.

AchimweneAkulu_Mayfair:
usleep inachotsedwa mu POSIX ya 2008 mphwanga, ndi 200809L yomwe mwaikayo glibc siionetsanso. Gwiritsani nanosleep ya mu time.h, imalandira struct timespec, ingosamalani kuti tv_nsec ndi ma nanosecond pomwe usleep imalandira ma microsecond, nde nambala yanu yakale muichulukitse ndi 1000, ndipo ikafika sekondi yathunthu gawolo lipite ku tv_sec apo ayi ikubwezerani error ya EINVAL.