Ndikuuzidwa kusainira mankhwala omwe sindinapereke, ndikadandaule kuti?

Membala wosadziwika dzina

Abale anga pagulu pano, ndabisa dzina chifukwa ena a kuntchito kwathu ali momwemuno. Ndine support worker ku supported living kuno ku England, m'nyumba yomwe mumakhala anthu atatu a learning disability. Visa yanga ndi ya kampani yomweyi, ndipo ana anga ali kumudzi, fizi ikudalira ine.

M'nyumbamo muli bambo wina wa matenda akugwa. Care plan yawo imati akamasamba pakhale munthu pafupi, ndipo akagwa n'kupitirira mphindi 5 asanatsitsimuke apatsidwe midazolam wothira m'kamwa. Ine training ya mankhwala amenewo sindinachite, koma usiku ndimakhala ndekha. Pa rota pamalembedwa maina awiri, mnzangayo amakhala ali ku nyumba ina ya kampani yomweyi, tsidya lina la tauni.

Chomwe chandifikitsa pano ndi MAR chart, pepala lomwe timasainira tikapereka mankhwala. Kumapeto kwa mwezi team leader amabwera ndi faelo, n'kuloza timabokosi topanda siginecha, amvekere "dzazani apa, pasaoneke mipata." Masiku ena omwe akulozawo ine ndinali off. Mu kabati ndapezamo mapiritsi adakali mu blister pack pa tsiku lomwe pepala likuti anamwa. Komanso khitchini imakhomedwa loko ikakwana 8 koloko usiku chifukwa mayi wina amakonda kudya usiku, ndiye awiri enawo ngakhale tiyi sangawiritse m'nyumba yomwe amalipira lendi.

Nditafunsa manijala anati ino si care home, a CQC, bungwe loyendera ntchito za care, alibe nayo gawo, ndipo anandikumbutsa kuti CoS, chikalata cha sponsor chomwe ndinapezera visa, anandipatsa ndani. Kodi ndi zoona? Ndikanena, sandithetsera visa? Odziwa ndithandizeni chonde.

Achalume a ku Luton

Achemwali, phukusi la moyo umasunga wekha. Pezani kaye sponsor wina, mukachoka ndiye muziwaneneza bwino muli kutali. Masiku ano ma sponsor akusowa, musaiwale.

Nangondo

Achalume, langizo limenelo lingamupweteke munthuyu. Bambowo akagwa usiku uno, pa shifiti pali dzina la ndani? Pa MAR chart pali siginecha ya ndani? Manijalayo adzakana kuti sanatume munthu, team leader naye adzakana, otsala ndi achemwaliwa ndi cholembera chawo.

Achemwali, ine ndine namwino, ndinayambira ku care komweko. Choyamba, musasainirenso mankhwala omwe simunapereke ndi dzanja lanu, ngakhale akukalipireni motani. Mpata pa MAR chart ndi vuto, inde, koma njira yake ndi kulemba incident report ndi kufunsa kwa dokotala (GP), ku pharmacy kapena pa 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo, kuti munthu wadumphitsa mankhwala, titani. Kudzaza mpata ndi siginecha yabodza ndi kubisa umboni. Tangoganizani dokotala akuona pepala likuti munthu akumwa mankhwala a matenda akugwa tsiku ndi tsiku koma akugwabe, ndiye akuwonjezera mlingo, pomwe vuto ndi loti sakupatsidwa. Ndipo zikaululika mukhoza kutumizidwa ku DBS, bungwe losunga mayina a anthu oletsedwa ntchitoyi, akakuikani pa barred list ntchito ya care yathera pomwepo, sponsor wina kapena ayi.

Za CQC manijala wanu wanena zoona pang'ono, kwinako wakuphimbani m'maso. Nyumbayo a CQC sailembetsa, chifukwa ndi kwawo kwa anthuwo, ali ndi tenancy yawoyawo. Chomwe amalembetsa ndi kampani yopereka personal care, monga kusambitsa, kuveka ndi kuthandiza kuchimbudzi. Ngati inu mumasambitsa bambowo, kampani yanu iyenera kukhala m'kaundula wa CQC, ndipo malamulo a ntchito za care a 2014 akuikhudza: Regulation 12 ya chisamaliro chosaika moyo pachiswe, momwe muli nkhani ya mankhwala, Regulation 13 yoteteza anthu ku nkhanza, Regulation 18 yoti antchito akhale okwanira komanso ophunzitsidwa. Ma inspector amafika ku ofesi, amaona mafaelo, amalankhula ndi antchito, ndipo amatha kufika m'nyumbazo eni ake akavomera. Lowani pa webusaiti ya CQC, lembani dzina la kampani, muona ngati ili Outstanding, Good, Requires improvement kapena Inadequate.

Za kusambazo musazitenge mopepuka. Mu 2013 mnyamata wa zaka 18, Connor Sparrowhawk, anamira m'bafa ku chipatala cha NHS ku Oxford atagwa ali yekha, pomwe aliyense ankadziwa kuti ali ndi matenda akugwa. Nkhani yake inagwedeza dziko lino. Bambo mukuwasamalirawo asamalowe m'bafa nthawi yomwe inu muli ndi wina, ndipo akagwa usiku n'kupitirira nthawi yomwe plan yanena, imbani 999 osadikira manijala.

Mayi a Tadala

Zoona aunt Nangondo. Ndiwonjezere kuti kupatula CQC pali khonsolo. Khonsolo iliyonse ili ndi a adult safeguarding, ndipo Care Act 2014, gawo 42, imawakakamiza kufufuza akamva kuti munthu wamkulu wofunika chisamaliro akuzunzidwa kapena kunyalanyazidwa. Aliyense akhoza kuwauza, simufunika chilolezo cha manijala. Nthawi zambiri ndi khonsolo yomweyo yomwe imalipira maola a anthuwo, ndiye ngati ikulipira antchito awiri usiku koma pakubwera mmodzi, nkhaniyo aimva msanga kuposa a CQC.

Che Jafali

Koma za lokozo tisathamange kuweruza. Ine ndinasamalirapo mnyamata wa Prader-Willi, matenda oti munthu samva kukhuta, furiji yake inkakhomedwa ndipo zinali zovomerezeka.

Nangondo

Che Jafali mwanena bwino, loko payekha si mlandu. Koma kwa mnyamata wanuyo ndikhulupirira panali mapepala. Mental Capacity Act 2005 imati uyambe waunika ngati munthuyo angathe kudzisankhira yekha pa nkhani imeneyo. Ngati angathe, ufulu ndi wake, ngakhale adye buledi pakati pa usiku. Ngati sangathe, pakhale chigamulo cha best interests, abale ndi social worker alipo, ndipo pasankhidwe njira yomuphera ufulu pang'ono kwambiri. Apa akhomera anthu atatu chifukwa cha mmodzi. Akanatha kukhoma kabati imodzi, kapena kuwapatsa awiriwo makiyi awo. Ndipo DoLS, njira yopezera chilolezo choletsa munthu ufulu, ija tinaizolowera ku care home ndi kuchipatala ku supported living sigwira, zoletsa zikafika pomulanda munthu ufulu pamafunika chilolezo cha Court of Protection. Achemwali tsegulani care plan ya mayiwo muone ngati lokoyo walembedwamo, ndipo anavomereza ndani.

Wosadziwika dzina, mwini funso

Zikomo aunt. Ndayang'ana pa break, za loko mulibe. Muli pepala lokha lomatidwa pa chitseko cha khitchini lolembedwa pamanja kuti staff only after 8pm. Kampani ndaipeza pa CQC, ili Good, koma lipoti lake ndi lakale ndithu.

Mayi a Tadala

Staff only m'nyumba ya eni ake! Kujambula pepala limenelo palibe vuto, mulibe dzina la munthu. Koma MAR chart ndi care plan musazijambule pa foni yanu, ndipo musaziponye pano kapena pa WhatsApp, angakupezereni chifukwa cha data protection. Gulani kope, muzilemba tsiku, nthawi, amene anali pa rota, amene anabweradi, ndi zomwe munauzidwa. Anthu okhalamowo muziwalemba ndi chilembo choyamba basi.

Achalume a ku Luton

Zonsezo ndamva, koma palibe wayankha za visa. Malamulo ali pa pepala, lendi imafuna ndalama.

Bambo Phiri wa union

Achalume funso lanu ndi lenileni, ndipo ndisanamize munthu kuti palibe choopsa. Mabwana oipa amabwezera, ena amangokuchepetsera ma shifiti mwakachetechete. Koma tisiyanitse zinthu. Kampani sithetsa visa, imangodziwitsa a Home Office kuti yasiya kukuchitirani sponsor. A Home Office ndi omwe amalemba kalata yofupikitsa visa, kawirikawiri kukupatsani masiku 60 oti mupeze sponsor wina, kapena nthawi yomwe yatsala pa visa ngati ili yochepera apo. Ndipo ngakhale boma linatseka zobweretsa ma care worker kuchokera kunja pa 22 July 2025, amene muli kale muno mukhoza kusintha sponsor.

Kachiwiri, Public Interest Disclosure Act 1998 imateteza wantchito woulula zoopsa, ndipo CQC ndi amodzi mwa mabungwe omwe lamulo limakulolani kuwauza. Chitetezo chimenechi sichidikira kuti mukwanitse zaka ziwiri pa ntchito. Koma kuti chikuthandizeni pafunika umboni woti munanenadi. Ndiye zomwe munamuuza manijala pakamwa zija, mulembereni imelo. Mwaulemu, mwachidule: usiku ndili ndekha pomwe rota ikuti awiri, training ya midazolam ndilibe ndipo ndikupempha, sindingasainire mankhwala omwe sindinapereke. Akakuyankhani zoopseza polemba, wakuthandizani yekha. Ku CQC mukhoza kunena osatchula dzina, ngakhale kuti m'nyumba ya antchito ochepa amangoganizira kuti ndi ndani, ndiye musadalire kwambiri kubisalako.

Bungwe la Protect limapereka uphungu waulere kwa oulula zotere, a Acas, olangiza pa nkhani za kuntchito, nawonso alipo. Ngati simuli mu union lowani lero, Unison kapena GMB, kungoti ambiri sathandiza mokwanira pa nkhani yomwe inayamba musanalowe. Kufufuza ntchito ina, monga anenera Achalume, yambaniko ndithu, koma ziziyendera limodzi ndi kunenako.

Nasibeko wa ku Glasgow

Kwa anzathu a kuno ku Scotland amene mukuwerenga, CQC ndi ya England yokha. Kuno ndi Care Inspectorate, ku Wales ndi Care Inspectorate Wales, ku Northern Ireland ndi RQIA. Musaimbe kolakwika.

Mnyamata wa pa Area 25

Aunt kampani yanuyo ikulembabe anthu? Ndili ndi satifiketi ya care, mundilumikizitse ku inbox.

Admin

Achimwene, werengani zomwe alemba Bambo Phiri pamwambapa, njira imeneyo inatsekedwa. Wina akakuuzani kuti mulipire akupezereni CoS ya care muli ku Lilongwe, ndi wakuba. Tibwerere ku funso.

Wosadziwika dzina, mwini funso

Imelo ndatumiza, ndakopera ndi ku imelo yanga yapadera. Team leader wandiimbira kuti mawa tikakumane ku ofesi ndisanayambe shifiti. Ku safeguarding ndiimbe tisanakumane, kapena ndidikire ndimve zomwe akanene?

Nangondo

Imbani m'mawa musanapite, bambowo agonanso ndi wantchito mmodzi usiku wa mawa kaya mwagwirizana zotani ku ofesiko. Mukawauze a khonsolo kuti manijala mwamudziwitsa kale polemba, ndipo mufunse reference number. Ku msonkhanoko mufunse kaye ngati ndi wa disciplinary, ngati ndi choncho muli ndi ufulu wopita ndi mnzanu wa kuntchito kapena wa union. Pepala lililonse lomwe angakupatseni musasaine pomwepo, nenani kuti mukaliwerenga kunyumba.