Funso 14 la moko: mayankho awiri akuoneka olondola

Mphunzitsi wa Chichewa, Dedza: Akuluakulu, tikuchonga moko ya Fomu 4 ndipo tasiyana maganizo. Funso likuti sankhani chiganizo cholondola:
A. Ng'ombe zomwe anagula agogo yafa.
B. Ng'ombe yomwe anagula agogo yafa.
C. Ng'ombe zomwe adagula agogo zafa.
D. Ng'ombe yomwe adagula agogo zafa.
Papepala la mayankho alemba C, koma ana ambiri, ngakhale anzeru aja, asankha B. Tiwalakwitse?

Amadamu a ku Zomba: Ayi, musatero aphunzitsi. Ng'ombe ili m'gulu la I-Zi, dzinalo silisintha kaya ndi imodzi kaya ndi khola lonse. B akunena za imodzi, yomwe ndi yafa zikugwirizana. C akunena zambiri, zomwe ndi zafa zikugwirizananso. Zolakwika ndi A ndi D basi.

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Koma amadamu, wolemba funsoyo sanapenge. Wayang'ana pa anagula. Ife tidaphunzitsidwa kuti zakale ndi -da-. Ndipo -na- papepala ndi wovuta: anagula wa m'mawa uno ndi anagula wa chaka chatha timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu polankhula, polemba amaoneka chimodzimodzi.

Amadamu a ku Zomba: Zoona abambo, -da- amamveka kwambiri kwanu m'chigawo chapakati. Koma mwana wa ku Chiradzulu wakula akunena anagula, m'nyuzi akuwerenga anagula. Mumuuza kuti walakwa pati? Ngati mukuyesa nthawi ya mneni, funso likhale la nthawi, muikemo mawu ngati "kalekale". Apa mwasakaniza mgwirizano ndi nthawi m'funso limodzi.

Mkulu wa dipatimenti ya zilankhulo, Mchinji: Ine ndili ndi amadamu. Yankho lililonse lolakwika lizikhala ndi chifukwa choti mungachiloze ndi chala mwana akabwera ndi pepala lake. Konzani chonchi: yambani ndi "Ng'ombe ziwiri", mneni wa kugula uja akhale yemweyo m'ziganizo zonse zinayi. B agwa yekha.

Poti mwatsegula nkhaniyi, samalaninso ndi ziganizo zosalakwa malamulo koma zomveka pawiri. "Mnyamata yemwe anamenya mlonda wathawa." Wamenya mnzake ndani? Onse ndi a gulu la Mu-A, ndiye a- wa mneniyo akhoza kuimira aliyense. Pakakhala china chakuti "yemwe anamenyedwa ndi mlonda", mwana asankhe chimenecho. Koma funsolo linene poyera kuti mukufuna chiganizo chomveka bwino, osangoti cholondola.

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Pamenepo ndavomera. Za -da- tidzakambirana tsiku lina, sindinagonje.

Mphunzitsi wa Chichewa, Dedza: Zikomo nonse. Nanga mapepala tachonga kalewa?

Mkulu wa dipatimenti ya zilankhulo, Mchinji: Bwererani, B ndi C onse alandire malikisi. Muwadziwitsenso anzanu a sukulu zina zomwe zalemba moko yomweyi lero lomwe, asanatumize zotsatira.