Wogulitsa akuti Asscher, pepala likuti square emerald, ndigule kapena ndisiye?

Wa ku Nchalo:
Madala ndi anti athu mu gulu muno ndithandizeni nzeru. Chinkhoswe changa chili mu Disembala ndipo achimwene anga amene ali ku Joni andipezera mphete ya dayamondi yogwiritsidwapo kale ntchito, mtengo wake ukufika pa ng'ombe ziwiri za pa msika wa Ngabu. Wogulitsayo akuti mwalawo ndi Asscher koma pepala la GIA, bungwe loyeza miyala ya mtengo wapatali, limene anditumizira pa WhatsApp palibe pomwe alemba Asscher, alemba Square Emerald Cut, kulemera 0.70 karati, kalala J, clarity SI1, miyezo mamilimita 5.02 x 4.96. Ndiye mtima wanga wakayika, emerald si mwala wobiriwira uja? Akufuna kutibera kapena?

Aphunzitsi a ku Bangula:
Ayi mphwanga pa dzinalo sanakunamize. Emerald cut ndi dzina la kadulidwe, osati mtundu wa mwala. Kadulidweka kanayambira pa mwala wobiriwira uja chifukwa umasweka msanga m'makona, ndiye amisiri ankadula makonawo, kenako anayamba kudulanso dayamondi chimodzimodzi dzina nkutsalira. Ukayang'ana pamwamba umaona mizere yowongoka ikutsika ngati masitepe a pa khonde, nchifukwa chake banja lonseli amalitcha step cut. Ukakhala wotalikirapo ndi emerald cut, ukakhala wofanana mbali zonse amalonda amati Asscher koma a GIA salemba dzina la malonda, amalemba chomwe maso awo aona. Pa mapepala ena upeza Square Emerald Cut, ena Cut-Cornered Square Step Cut. Tenga 5.02 ugawe ndi 4.96 upeza 1.01, mwala wakowo ndi sikweya ndithu, ukanapitirira 1.05 bwenzi ukuyamba kuoneka wotalika.

Ankolo a ku Ngabu:
Ine za masitepe sindikuzidziwa koma ng'ombe ndikuzidziwa. Ng'ombe ziwiri zazikazi pakatha zaka zitatu khola lakula, kamwalako pakatha zaka zitatu kadzakhala kamodzi komweko. Mwana wanga waiwala madzi a Freddy mu 2023 momwe anatisiyira? Amene anali ndi ziweto zopulumuka anagulitsa nkumanganso nyumba. Mpheteyo ukadzafuna kugulitsa pa Nchalo pano adzagula ndani, ngakhale ku Blantyre adzakupatsa ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe watulutsa

Wa ku Nchalo:
Ankolo ndamva ndipo sindikutsutsa. Kungoti mlamu wanuyu wandidikira zaka zinayi ndili pa ganyu ya nzimbe ndisanalembedwe ntchito, sanadandaulepo. Ndimafuna ndimupatse chinthu chimodzi chabwino choti adzachisunge moyo wake onse.

Aphunzitsi a ku Bangula:
Pa za kugulitsanso ankolo anena zoona, dayamondi si banki. Koma ngati mtima wagamula kale ndiye tiyeni tione ngati mwala umenewu uli woyenera, chifukwa ine chondidetsa nkhawa si dzina ayi, ndi SI1 ndi J zija. Dayamondi yozungulira ija imadulidwa timbali ting'onoting'ono tosongoka tambirimbiri ndiye imathwanima mpaka kubisa zilema zamkati. Step cut siibisa kanthu, pamwamba pake ndi potakata ndipo mbali zake ndi zazitali zosalala, uli ngati ukusuzumira m'chitsime cha madzi oyera, kachitsotso kali pansi umakaona. SI1 ndiye kuti pa galasi lokulitsa ka 10 zilema zimaoneka mosavuta, pa yozungulira mwina maso okha osaziona koma pa Asscher kadontho kakuda kakakhala pakati kamaonekera m'masitepe onse ngati kuti tilipo tambiri. Nchifukwa chake odziwa amati pa kadulidwe aka yambira VS2, giredi yoposa SI1 ya zilema zochepa, kupita m'mwamba. Kalala nayo imayambira D mpaka Z, D ndiye yoyera mbee, J yayamba kale kachikasu pang'ono ndipo step cut imakaonetsa makamaka m'makona. Ngati mpheteyo ndi ya golide wachikasu palibe vuto kwenikweni, koma ikakhala ya chitsulo choyera kachikasuko kaonekera.

Anti a pa Nsanje boma:
Ine ndilankhuleko monga mzimayi amene ndinalirapo nazo izi. Abambo akunyumba anandigulira mphete kwa munthu wina mu Limbe ndi pepala lake lomwe, patatha chaka mwala unachita mbuu ndi mikwingwirima pamwamba, titakaonetsa kwa wodziwa anati ndi cubic zirconia, mwala wopanga wongofanana ndi dayamondi, pepalalo linali la mwala wina. Zinandiwawa chifukwa anagulitsa thonje la chaka chonse. Ndiye mwanawe pepala la pa WhatsApp lokha ayi. Achimwene akowo alowe pa webusaiti ya GIA alembe nambala ya pepalalo aone ngati zikufanana, kenako apite ndi mpheteyo kwa wamiyala wina wosakhala mnzake wa wogulitsayo, miyala yambiri ya GIA nambala imalembedwa ndi laser m'mphepete mwa mwalawo, imaoneka pa galasi.

Wa ku Nchalo:
Anti pepani kwambiri, sindimadziwa kuti zinakuchitikirani. Aphunzitsi china chake, achimwene akuti pa pepalapo palibe Cut Grade, giredi ya kadulidwe, pali Polish ndi Symmetry basi, za kusalala ndi kufanana kwa mbali. Sanachotse dala?

Aphunzitsi a ku Bangula:
Sanachotse. GIA imapereka Cut Grade pa yozungulira ija yokha, ma shepu enawa amangoyeza polish ndi symmetry. Ndiye ubwino wa kadulidwe uweruze ndi maso ako. Uwauze ajambule vidiyo panja pa mthunzi osati pansi pa magetsi a mu shopu, azitembenuza pang'onopang'ono. Asscher yabwino masitepe ake amayaka ndi kuzima mosinthana, mzere woyera mzere wakuda, ndipo kuchokera m'makona anayi aja mumatuluka mtanda wokumana pakati penipeni. Ukaona pakati pali bii ngati dzenje kapena ukuona chala kudutsira mwalawo ngati galasi la pa windo, kadulidwe nkolakwika. Komanso asakukwezere mtengo ndi dzina. Joseph Asscher anayambitsa kadulidweka ku Amsterdam mu 1902, banja lomwelo ndi limene linadula Cullinan, dayamondi ya makarati 3,106 yomwe inapezeka ku South Africa mu 1905. Mu 2001 anatulutsa Royal Asscher ya mbali 74, imeneyo ndiye yawoyawo ndipo imadula, wamba imakhala ndi mbali 58. Wogulitsa akayamba kunena za Royal umufunse umboni wake.

Mlongo wa ku Makhanga:
Achimwene ine funso langa ndi lina, mwiniwakeyo munamufunsa? Chifukwa ine ndinaionapo Asscher pa chala cha bwana wina, siithwanima ngati zomwe atsikana timaona pa TikTok, imangowala mofatsa. Komanso imaoneka yaing'ono, kulemera kwake kwambiri kuli pansi, 0.70 yanuyo ndi mamilimita 5 pomwe yozungulira ya kulemera komweko imaposa 5 ndi theka. Ena amaikonda chifukwa cha ulemu wakewo ena ayi. Ndiye ndi fumbi lathu lino ndi thukuta la mu Okutobala ndi mafuta odzola, pamwamba posalalapo pamada msanga, azitsuka ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wofewa pafupipafupi.

Ankolo a ku Ngabu:
Ndiye mukuona, kamwala kofuna kusambitsidwa. Chabwino ine ndilolereko apa, gula ng'ombe imodzi ya banja, ndalama ya inayo ugule mphete. Aphunzitsi palibe yotsika mtengo yooneka chimodzimodzi?

Aphunzitsi a ku Bangula:
Ilipo ankolo, dayamondi yopangidwa mu labu. Ndi kaboni yemweyo, kulimba komweko, si cubic zirconia ngati ya anti ija, ndipo mtengo ndi wotsika kwambiri moti atha kupeza VS1 yoyera bwino. Pepala lake limalemba poyera kuti laboratory-grown, zambiri zimakhala za IGI, bungwe lina loyeza miyala. Kugulitsanso kokha ndiye asayembekezere kanthu. Koma amuuze mkaziyo chilungamo kuti ndi ya mu labu.

Wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Achimwene atumiza vidiyo pompano, kadontho kakuda kaja kalipodi chapakati ndipo ndakaona ndekha pa foni osakulitsa. Imeneyi ndaisiya. Loweruka ndikwera basi ya ku Nsanje ndikamuonetse zithunzi za Asscher, emerald yotalika ndi yozungulira asankhe yekha, ndimuuzanso za ya mu labu ndi za ng'ombe. Ankolo Lachiwiri ndikuimbirani tikambirane za thadzi labwino.